Nyenyezi ya Witness

Achimwene anga a Fanizo anabadwa ndi pakamwa. Ena amabadwa ndi dzanja la ulimi, ena ndi mphumi ya malonda, koma iwo Mulungu anangowapatsa pakamwa basi. Nkhuku yawo ikaikira dzira, kwa Maseya konse kumadziwa dzuwa lisanafike paliwombo. Akagula nsapato, ngakhale wakhungu amadziwa mtundu wake. Ine Dorika, mlongo wawo wamng'ono, ndakhala ndikuwatsina khutu moyo wanga wonse, koma aa, kunali kungotaya malovu. Pakamwa pomwepo ndi pamene panadzawaimika m'dzenje la manda ali amoyo, anthu atazungulira pamwamba ndi zibuluma m'manja.

Ife tinabwera kuno tili ana, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Tinalowera ku Marka, amayi atasenza mtolo, ababa atandinyamula pakhosi, kenako tinakwera chakuno ku Chikwawa kutsata ntchito ya nzimbe. Takulira kuno, takwatiwa kuno, akufa athu tawaika kuno. Koma musanamizidwe. Wobwera amaiwalika kuti ndi wobwera zinthu zikamayenda bwino. Zikangovuta, pamapezeka wina wokumbukira.

Achimwene anagwira ntchito ku esiteti zaka zambiri, yothirira nzimbe, kutsegula ndi kutseka madzi m'ngalande miyendo ili m'matope. Msana utayamba kuwavuta, anakakhala pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi msika, kumata machubu ndi kuwongola masipoko a njinga. Pamenepo ndiye anapeza mpingo wawo, anyamata a kabaza odikira njinga zawo, anthu osowa kothawira. Alamu anga, akazi awo, anamwalira nkusiya mwana wawo mmodzi yekhayo, Anastazia, akadali wamng'ono, ndipo achimwene sanakwatirenso. Ndinkawanena kuti palibe mkazi angapirire wayilesi yosathima. Iwo ankangoseka nkupitiriza nkhani.

Anastazia anatengera amake: wofatsa, woyang'ana kaye asanalankhule. Ku pulayimale ankakhala desiki imodzi ndi Witness, mwana wa mayi Clotilda, oyandikana nafe nyumba. Ndinene zoona, Witness anali ndi mutu kuposa mwana wathu. Iye wani, Anastazia thu, chaka ndi chaka. Koma bambo ake a Witness atamwalira, mnyamata uja anasokonekera ali ku sekondale. Anayamba chamba, anatsatiza kachasu, sukulu nkuisiyira panjira. Anadulako nzimbe kwa kanthawi, kenako mutu unayamba kuzungulira, nkumayenda mumsewu akuwerengera masamu mokweza kwa anthu osamufunsa. Pomwe Anastazia anapitirira, ku yunivesite ku Zomba, kuchoka uko nkuitanidwa ku Kepu, ku Joni, kukaphunzira za nyenyezi mpaka kutchedwa dokotala. Dokotala wosabaya jakisoni, ine ndinkamuseka choncho.

Chaka china atabwera kutchuthi, bambo ake anamuumiriza kuti afotokoze ntchito yake bwinobwino. Mwanayo anatseka chitseko masana, m'nyumba nkuchita kamdima, nkuyatsa tochi kuiika patebulo.

"Ababa, tochiyi ndi nyenyezi," anatero. "Nyenyezi iliyonse ndi dzuwa ngati lathuli, kungoti ili kutali. Tsono monga dziko lathu limazungulira dzuwa, nyenyezi zina nazonso zili ndi maiko ake ozizungulira. Maikowo sitingawaone, ndi aang'ono, komanso sawala."

Anatola kachipatso ka masawu nkukadutsitsa patsogolo pa tochi ija. Kuwala kwa pakhoma kunachepa pang'ono, kenako kunabwerera.

"Mwaona? Dziko likamadutsa patsogolo pa nyenyezi yake, kuwala kumachepa pang'ono, likadutsa kumabwerera. Ife tili ndi makina aakulu paphiri, onga chipaipi, amene timalozetsa ku nyenyezi. Ntchito yanga ndi kudikira kuti kuwala kuchepe. Kukachepa mobwerezabwereza, ndimadziwa kuti pamenepo pali dziko."

"Maiko amenewo kuli madzi?" achimwene anafunsa. Munthu wa m'ngalande, chimene amayamba kufunsa ndi madzi.

"Ndi zimene tikufufuza, ababa. Ndikadzapeza, ndinu oyamba kumva."

Achimwene anawomba m'manja, misozi ili m'maso. "Pyadidi, mwananga, pyadidi!" Akasangalala kwambiri amabwerera ku Chisena cha amayi athu, mmene pyadidi ndiye kuti zabwino. Ine ndinasangalala nawo, chifukwa tsoka silinunkha.

Mwanayo atangobwerera, nkhani inafika pansi pa bwemba. Koma inafika yodulidwa miyendo. Masawu anagwera panjira, maiko anagwera panjira, chinatsala ndi ichi, chimene ndinachimva ndi makutu angawa ndikudutsa ndi dengu langa la nsomba zouma:

"Mwana wanga amasaka nyenyezi, inu! Ali ndi chipaipi chachikulu ngati thanki. Akangoiloza nyenyezi chonchi, imayamba kuthima, iye nkulemba kuti iyi yanga. Wagwira kale zambirimbiri. Azungu akumukwezera ndege chifukwa cha zimenezo!"

Ndinatula dengu pansi. "Achimwene, mawu amenewo mukuwamva mmene akumvekera?"

"Nsanje, Dorika, nsanje! Wako amasaka chiyani, mbewa?"

Anyamata a kabaza anaseka, inenso ndinasekako, koma kamtima kanali katandigunda kale. Chifukwa kwathu kuno nyenyezi si za kumwamba zokha ayi. Anthu amati munthu aliyense ali ndi nyenyezi yake, ndiyo mwayi wake ndi tsogolo lake. Zikamamuyendera amati nyenyezi yake ikuwala. Zikamukanika amati wina anamubera nyenyezi. M'matchalitchi ambiri mumamva akupemphera kuti nyenyezi yobedwa ibwerere kwa mwini wake. Tsono munthu kumaima pamsika kulengeza kuti mwana wanga akaloza nyenyezi imathima, ndipo wagwira zambiri! Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anafika chaka chotsatira, ndi tenti yoyera ndi zimkuzamawu. Anali mneneri wina wochokera kumtunda, dzina lake sindifuna nkulitchula komwe. Mayi Clotilda anagwira Witness padzanja nkupita naye kutsogolo, monga mayi aliyense akanachitira. Mneneri uja anamugwira mutu, nkutsinzina, nkunena pachimkuzamawu kuti msika wonse umve:

"Mwana uyu anabadwa ndi nyenyezi yaikulu. Inatengedwa ali pa desiki, ndi munthu amene ankakhala naye pafupi. Ndikuiona, ili kutsidya la malire, aitsekera m'chitsulo chachitali."

Ulosi wanji pamenepo? Galimoto ya mneneriyo inkaima pafupi ndi bwemba lija tsiku lililonse. Ngakhale mbuzi za pamsika zinkaidziwa nkhani ya chipaipi. Koma anthu anakuwa kuti amen, ena nkugwa pansi, ndipo mayi Clotilda anatembenuka nkuyang'ana mbali ya kunyumba kwathu.

Mantha sabwera ndi phokoso. Choyamba njinga zinasiya kubwera. Anyamata a kabaza ankakankha njinga yophulika chubu kudutsa pa achimwene, kupita kwa wina wa kutali. Amayi akamadutsa ankakoka ana kuwaika mbali inayo. Nsomba zanga zinayamba kubwerera kunyumba mmene zapitira. Ukapereka moni, munthu ankayankha akuyang'ana pansi. Mwana wina atalephera mayeso, amake anabwera kudzaima pamsewu kutsogolo kwa nyumba ya achimwene, kungoyang'ana. Tsiku lina m'mawa tinapeza nthambi ya minga pakhomo pawo.

Achimwene anayesa kukonza. Anagula tochi, nkuitana anthu kuti aone za masawu zija. Mayo ine, ndiye anaonongeratu! Pofika madzulo nkhani inali yoti a Fanizo aonetsa poyera mmene amathimitsira nyenyezi. Ndinawalanda tochiyo nkuiponya m'chimbudzi.

Tonse tinkadziwa zimene zinachitikira gogo wina kumudzi wa kutsidya chaka chapitacho. Anamunena kuti wamanga mvula. Apolisi anafika atamaliza kale. Palibe amene ankaitchula nkhani imeneyo, koma inali m'nyumba mwathu ngati utsi. Achimwene anaonda. Galu akauwa ankadzidzimuka. Munthu amene sankatha kumeza madzi osalankhula anayamba kukhala pakhonde duu, manja ali pamawondo.

"Muuzeni mwana," ndinawauza.

"Nkhabe," anakana m'Chisena. "Ali pakati pa ntchito yaikulu, akuti pali kanyenyezi kena kofiira kamene akukalondalonda. Ndimusokoneze ndi zopusa zimene ndaputa ndekha? Komanso akuti abwera pa Khirisimasi. Pofika nthawi imeneyo zikhala zitazizira."

Sizinazizire. Mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale abuluzi amabisala, Witness anapezeka m'mawa atayandama m'ngalande yaikulu. Anthu anamuona dzulo lake ataledzera, akuyenda m'mphepete mwa madzi. Koma ndani ankafuna kumva za kachasu? Kulira kutangomveka kwa mayi Clotilda, ndinathamangira kwa achimwene mpango uli m'manja.

"Nyamukani. Kwerani minibasi mupite ku Marka, mukawolokere kwa abale athu. Pompano!"

Anandiyang'ana. "Ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Awotcha nyumba, abwera kwa iwe. Ndipo mwana wanga sadzapondanso kuno, kumene kuli manda a amake."

"Nanga mukapita kumaliro?"

"Ndikapanda kupita anena kuti ndikuopa chiyani."

Uku moto, uku madzi. M'mawa mwake anavala jekete yawo ya kutchalitchi, nkuika foni m'thumba la malaya, tinapita. Nditalowa pakati pa amayi kusiwa, amene ndinawakhala pafupi anasendera, ndinatsala ndekha pamkeka ngati wakhate. Achimwene ndinkawaona kudzera pampata wa mpanda, ali pansi pa mtengo ndi azibambo. Kumenekonso palibe amene anawakhala pafupi.

Dzuwa litakwera, bokosi silinanyamuke. Uthenga unabwera kuchokera kumanda kuti adzukulu, anyamata okumba aja, afika pouma, makasu akungodumpha, manda akukana. Inu mukudziwa nthaka ya kuno mwezi wa Okutobala, imauma ngati njerwa yootcha. Koma pamwambo wathu manda akakana amati pali chifukwa, wakufa akudandaula. Ndinamva kunong'ona kukuyenda pakati pa amayi.

Anadzuka ndi a Lazaro, atsibweni ake a Witness, munthu wamtali wodula nzimbe. Anapita molunjika kwa achimwene, nkuwagwira padzanja mwaulemu ndithu.

"A Fanizo, tiyeni mukatithandize kukumba. Mwina inu akulolani."

Azibambo onse anadzuka. Anyamata anatsatira. Amayi sitipita kumanda bokosi lisananyamuke, koma tsiku limenelo mwambo unaiwalika, tonse tinakhamukira komweko. Ine ndinkathamanga ndikupunthwa, ndikuitana dzina la Yesu ndi la amayi athu mosakaniza.

Dzenje linali lofika m'chifuwa. Anawavula jekete, kuwapatsa khasu, nkuwatsitsiramo. Achimwene anatema kamodzi, khasu linadumpha. Anatemanso, linadumphanso. Msana wawo wodwala uja, thukuta lili kamukamu. Pamwamba anthu anali atazungulira mpaka kuwatsekera mphepo. Ndinaona anyamata akutola zibuluma za dothi louma lija, ena miyala. Wina anakankhira dothi ndi phazi, nkuwagwera achimwene pamutu.

"Bwezani nyenyezi!" wina anakuwa kumbuyo.

"Abwerere kwawo ku Mozambiki!"

"Abwerere bwanji? Malo awapeza kale, ali momwemo!"

Dothi lina linagwa. Ndinayesa kudutsa, amayi awiri anandigwira mikono. Ndinadziwa kuti chatsala ndi mwala woyamba basi, chifukwa ukangoponyedwa umodzi, inayo siyifunsa.

Pamenepo achimwene anaika khasu pansi. Anakweza manja onse awiri, nkuyang'ana m'mwamba kwa anthu aja.

"Abale anga, ndimanama."

Phokoso linatsika pang'ono.

"Ndimanama ine. Mukundidziwa nonse. Ndinakuuzani kuti ndinapha ng'ona ndi fosholo, munaiona ng'onayo? Mwana wanga sadziwa nyenyezi ngakhale imodzi. Sukulu inamukanika ku Zomba komweko. Ku Joni anapita ngati mmene amapitira ana anu, kukafuna ganyu. Amasesa. Amakolopa m'nyumba ya azungu mmene muli makinawo, kutsuka makapu ndi zimbudzi. Ndinachita manyazi kunena. Za chipaipi ndinapeka ndine, pansi pa bwemba paja."

Mawu awo ankamveka mpaka kumapeto kwa manda. Ine ndimawadziwa achimwene. Mabodza awo onse amanena maso akuwala. Ili lokha analinena ngati akudzizula dzino.

A Lazaro anagwada m'mphepete mwa dzenje. "Pakamwa panu timapadziwa, a Fanizo. Lero mwatero, mawa mutembenuka. Bweretsani foni, timve kwa mwini wake."

Mwanayo sankadziwa kalikonse. Sankadziwa za mneneri, sankadziwa za minga, ngakhale zoti Witness wamwalira. A Lazaro anatenga foni ija, nkufufuza, nkuwerenga mokweza dzina limene achimwene analemba: "Dokotala Anastazia." Anthu anang'ung'udza.

"Ndinalemba ndekha zimenezo," achimwene anatero. "Foni imakana?"

A Lazaro anaimba, nkuika pokweza kuti aliyense amve, nkuitambasulira pamwamba pa dzenje. Inaitana. Inaitananso. Ndinkapemphera kuti asayankhe, kenako nkupemphera kuti ayankhe, osadziwa chabwino nchiti. Ndiye tinamva mawu ake, a munthu wodzutsidwa kutulo, chifukwa ntchito yawo amagona masana.

"Ababa? Mwadzuka bwanji? Ndimafuna ndikuimbireni, ndili ndi nkhani yabwino..."

"Mwananga!" achimwene anamudula mofuula. "Ndili pamaliro a Witness, kumanda. Anthu onse ali pano, akukumva. Ndawauza zoona, kuti za nyenyezi zija ndinkanama. Akufuna amve kwa iwe za ntchito yako yosesa ija."

Foni inangoti zii.

Sindidziwa kuti chete ameneyo anatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinkamva ntchentche. Ndinkamva mwana akuyamwa kumbuyo kwanga. Ndinaona mnyamata wina akusintha mwala kuchoka dzanja lamanzere kupita lamanja. Ndinkalankhula ndi mwanayo mumtima: Anastazia, unabadwira kuno, unamwa madzi a Shire, imva zimene bambo ako sakunena. Mwana amene anavutikira sukulu yake chonchija, akanangoti ababa mukunena chiyani, basi, zikanathera pomwepo.

Kenako anatsokomola pang'ono.

"Ababa, mwauliranji?" anatero, mawu ali pansi. "Ndinakupemphani kuti musauze anthu. Inde, ndimasesa. Panopa ndangomaliza kukolopa, msana ukundiwawa. Pepani nonse kumeneko ndi maliro. Witness anali mnzanga, anali wanzeru kuposa ine. Ndidule, abwana akundiitana."

Foni inaduka.

Amene anayamba kuseka ndi mnyamata wa kabaza. Kuseka pamanda, abale! Wina anatsatira. "Ndinanena ine! Fanizo ndi Fanizo basi!" Wina anati, "Dokotala wa tsache!" Zibuluma zinayamba kugwa pansi chimodzichimodzi, anthu akupukuta manja m'mathalauza ngati sanagwire kanthu. A Lazaro anatambasula dzanja nkuwatulutsa achimwene m'dzenje muja. Anthu anatuma atsikana kukatunga madzi, anathira m'dzenjemo, nthaka inafewa, adzukulu nkumaliza ntchito yawo.

Amene sanaseke ndi mayi Clotilda. Anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambasula, nkuyamba kulira kulira kwina, kosiyana ndi kwa m'mawa kuja. "Nanga mwana wanga wafera chiyani? Ndiuzeni, wafera chiyani?" Ndinali nditawakwiyira mayi amenewo miyezi yonseyo, koma pamenepo ndinawamvera chisoni.

Pobwerera achimwene anayenda okha, jekete ili paphewa, dothi lili m'tsitsi. Titafika kunyumba anakhala pansi pakhomo penipeni. Ndinawapatsa madzi akumwa. Anastazia anaimba pa foni yanga tsiku lomwelo, ndinakalowa kubafa kukamufotokozera zonse. Analira mwanayo. Anati, "Azakhali, ndinamva mmene ababa amapumira, ndinadziwa kuti zavuta." Ndinamufunsa za nkhani yabwino ija, anati isiyeni kaye.

Njinga zinabwerera pansi pa bwemba. Anyamata anawapatsa dzina, a Chipaipi, ndipo mpaka lero amawaitana choncho. "A Chipaipi, lero mwagwira zingati?" Achimwene amaseka nawo, amati, "Ndisiyeni ine wabodza." Amamata chubu, kupopa, kulandira ndalama yawo, basi. Wayilesi ija inathima. Ine amene ndinkapemphera zaka zonse kuti atseke pakamwa, lero ndimadutsa pamenepo ndi dengu langa nkumalakalaka atanamako ngakhale za ng'ona.

Mantha sanathe ayi, anangogona. Tikudziwa kuti tsiku lina dzina la mwanayo likhoza kumveka pa wayilesi, kapena mwana wa sukulu nkuona chithunzi chake pa foni. Nkhani zikamawerengedwa pa wayilesi ya pamsika, achimwene amasiya ntchito nkumvetsera mpaka zithe, sipanala ili m'manja.

Pa Khirisimasi Anastazia anabwera. Anali atalonjeza kale kuti adzabweretsera ana a pa pulayimale yake kachipaipi kakang'ono koti azionera mwezi, koma anakasiya komweko. Anatsika minibasi atavala chitenje ndi masilipasi, kachikwama kamodzi m'manja. Amayi a m'mudzi anamulandira bwino kuposa kale lonse, chifukwa tsopano anali mnzawo. Tsiku lachiwiri kunabwera mayi Clotilda ndi mwana wawo wamkazi, Favour, atanyamula nkhuku. Anakhala pamkeka, kupereka moni, kupepesa za zija mozungulirazungulira, kenako nkufika pa chimene anadzera.

"Mwananga, mng'ono wakoyu akungokhala. Amachapa bwino, amakolopa bwino. Ukabwerera ukawalankhulire abwana ako, mwina pangapezeke kamalo."

Anastazia anayang'ana bambo ake. Achimwene anali akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Ndikayesa, amayi," anatero mwanayo, nkulandira nkhuku ija ndi manja awiri.

M'mawa mwake tinapita kudimba atatu, kumunsi kufupi ndi mtsinje, kukaona chimanga. Kudimba kwathu ndi kutali ndi nyumba, ndipo tsiku limenelo anthu anali kutchalitchi. Ukaima pachulu umaona mbali zonse mpaka kumabango, kunalibe munthu, kunalibe ngakhale mbuzi. Tinapalira pang'ono. Kenako achimwene anaimika khasu. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Anasendera pafupi ndi mwana wawo mpaka mapewa kugundana.

"Nkhani yabwino ija," ananong'ona. "Kanyenyezi kofiira kaja. Unalipeza dziko?"

"Ndinalipeza, ababa. Anzanga atsimikiza kuti lilipodi. Ndi lokulirapo kuposa lathuli."

Achimwene anatseka pakamwa ndi chikhatho. Mapewa awo ankagwedezeka. Anayang'ananso kumanja ndi kumanzere.

"Kuli madzi?"

"Sitinatsimikize. Koma zikuoneka ngati alipo. Ndinu oyamba kumva kuno, monga ndinalonjezera."

"Takhuta," anathokoza achimwene m'Chisena, misozi ikutsikira m'ndevu. "Takhuta, mwananga. Usauze munthu."

M'dimba monsemo tinalimo atatu okha, koma mwanayo nayenso ankayankha monong'ona.